Ulendo wa misasa pa njinga yamoto: zonyamula ndi kamangidwe kake

Chaka chatha m'mwezi wa June, mayeso atangotha, tinanyamuka anthu asanu pa njinga zamoto zitatu kulowera ku Cape Maclear. Cholinga chinali chokagona m'matenti m'mbali mwa nyanja, kusunga Sabata komweko, n'kubwerera Sande. Tinapangana kuti 9 koloko m'mawa tikhale tili pamsewu, koma 12 koloko inatipeza tidakali pabwalo, tikumanga katundu, kumasula, n'kumanganso. Titayamba kutsika Khwekhwelere, mnzathu amene anakwera kumbuyo kwa njinga yachiwiri anamva fungo la chinthu chikupsa. Titaima tinapeza kuti thumba la mabulangeti latsetsereka n'kukagona pa ekizozi. Thumbalo linali litasungunuka, ndipo bulangeti limodzi linali ndi chibowo choti mutu wa munthu n'kulowa. Kunyanja tinafika dzuwa litalowa kale, ndipo matenti tinawakhoma ndi kuwala kwa mafoni m'maola a Sabata, chinthu chimene tonse asanu tinaleredwa kuti sitichita.

Palibe amene anavulala, koma tikaganiza kuti chikanachitika n'chiyani thumba lija likanalowa m'masipoko m'malo mogona pa ekizozi, thupi limachita tsemwe. Chibwerereni kumeneko tayendanso maulendo ena awiri, tafunsa okonza njinga, ndipo tabwereranso ku zimene tinaphunzira mu fizikisi ku sekondale. Tikulemba izi chifukwa njinga zamoto zachuluka pakati pathu. Ena tili nazo kunyumba, ena timabwereka kwa achimwene a kabaza, ndipo nyengo ya misonkhano ya misasa ndi makampu a ma Pathfinder ikakwana timaona njinga zitasenza ngati ngolo. Kugona m'misasa si kwachilendo mu mpingo wathu. Msonkhano woyamba wa misasa wokonzedwa ndi mpingo wa Seventh-day Adventist unachitika mu September 1868 ku Wright, m'boma la Michigan ku America, ndipo ambiri anafikako pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Koma ngolo ili ndi mawilo anayi, ukaikapo mphika wowonjezera siigwa. Njinga ili ndi awiri.

Njinga ili ndi malire

Njinga iliyonse ili ndi kulemera kumene opanga anaikira malire, ndipo chiwerengerocho chimalembedwa m'kabuku kake, kwinanso pa chipepala chomata pafupi ndi tcheni. Pa njinga zing'onozing'ono za 125cc ndi 150cc zimene zadzaza m'misewu yathu, malirewo amakhala pafupifupi makilogalamu 150. Chimene ambiri sitizindikira n'chakuti m'chiwerengerochi muli oyendetsa, wokwera kumbuyo, ndi katundu yense pamodzi. Tiyeni tiwerengere. Oyendetsa akhale a makilogalamu 65, wokwera kumbuyo a makilogalamu 60: takwana kale 125. Zotsala ndi 25 basi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita asanu chadya 5. Tenti ya anthu atatu idya 3 kapena 4, mabulangeti awiri enanso 4, zipangizo zokonzera njinga 2, miphika ndi chakudya 6. Zovala, Baibulo ndi nsapato za ku tchalitchi sitinaziike n'komwe, koma malo atsala pang'ono kutha.

Wina anena kuti, “Nanga a kabaza si amanyamula matumba atatu a chimanga?” Amanyamuladi, timawaona. Koma amayenda mtunda waufupi, pamsewu umene akuudziwa dzenje lililonse, ndipo mashokabu, masipoko ndi matayala awo sizikhalitsa. Njinga yolemedwa siikana kuyenda ayi. Imakana kuima ndi kukhota pa nthawi imene mukufunitsitsa kuti itero, monga mbuzi ikadumphira pamsewu. N'chifukwa chake pa maulendo athu tsopano timayamba ndi kuwerenga njinga, kenaka anthu. Anthu asanu, njinga zitatu: ziwiri zinyamule anthu awiriawiri ndi zikwama zopepuka, yachitatu ikhale ya munthu m'modzi ndipo ndiyo isenze matenti, madzi ndi miphika. Za anthu atatu pa njinga imodzi sitikambirana n'komwe.

Katundu akhale pati?

Apa ndi pamene tinalakwitsa kwambiri, ndipo ndi pamene tikufuna kukhalitsapo. Ife tinaunjika zonse pa kaliyala, chimulu chotalika kuposa mapewa a wokwera kumbuyo, chifukwa ndi pamene timaona aliyense akumanga katundu. Vuto n'lakuti mbali yaikulu ya kaliyala ili kumbuyo kwa ekiselo ya wilo lakumbuyo. Ganizirani thabwa lalitali loikidwa pamwala: ukapondereza mbali ino, inayo imatukuka. Wilo lakumbuyo ndiye mwala uja, katundu wa pa kaliyala akupondereza mbali imodzi, ndipo chimene chikutukuka ndi wilo lakutsogolo. Silichoka pansi kwenikweni, koma limapepuka. Wilo lakutsogolo likapepuka, mahandulo amayamba kunjenjemera, njinga imakana kutsata khona, ndipo pokwera chitunda chachikulu imafuna kudzuka ngati bulu wolusa. Kumbukiraninso kuti pa njinga yamoto buleki yamphamvu ndi yakutsogolo, ndipo mphamvu yake imadalira kuti tayala lakanikizika bwino pansi.

Kutalika kwa katundu nakonso kuli ndi zake. Amene anasenzapo ndowa yodzaza madzi pamutu akudziwa kuti ukapendekeka pang'ono, ndowayo ndiyo imakukoka. Ndowa yomweyo ukainyamula m'manja, mmunsi, siikugwetsa. Njinga imakhota mopendekeka, ndiye katundu wolemera akakhala pamwamba, kuipendeketsa kumavuta, kuidzutsanso kumavuta. Pamchenga kapena pamiyala, pamene njinga imagwedezeka yokha, chimulu chapamwamba chija chimakulitsa kugwedezeka kulikonse mpaka phazi la oyendetsa kulephera kuchirikiza.

Choncho zolemera zikhale mmunsi ndiponso pafupi ndi pakati pa njinga, zopepuka zikhale pamwamba ndi kumbuyo. Pa njinga ya munthu m'modzi, malo abwino koposa ndi pampando wa wokwera kumbuyo, pamene opanga anakonzeratu kuti pakhale munthu wolemera. Tenti ndi thumba la chakudya zigone pamenepo, zitatsamira msana wa oyendetsa. Pa kaliyala paikidwe mabulangeti ndi mkeka wopinda. Ife tinasoketsa zikwama ziwiri za kanivasi kwa telala, zolumikizidwa ndi nsalu yolimba imene imagona pampando, kuti chimodzi chilendewere kumanzere, china kumanja. M'menemo mumalowa zipangizo, madzi ndi zonse zolemera. Zikwamazo zilemere mofanana; zinyamuleni m'manja awiri musanazikweze, mumva nokha ngati china chikuposa. Chigubu chimodzi cha malita asanu chimavuta kuchilinganiza, pamene mabotolo anayi a lita imodzi ndi theka amagawika awiri uku, awiri uko. Chikwama cha mbali ya ekizozi chikhale pamwamba ndithu, ndipo muyese munthu atakhala pampando, chifukwa mashokabu akafinyika mpata umene munausiya umachepa. Ifeyo tinayesa njinga ili pa sitandi yopanda munthu, n'chifukwa chake bulangeti linapsa.

Chikwama cholemera chakumsana si cha pa njinga. Chimatopetsa mapewa, chimakoka munthu chagada njinga ikanyamuka mwamphamvu, ndipo munthu akagwa chimapotoza msana. Kumsana kukhale kachikwama ka ziphaso, foni ndi jekete la mvula basi. Katundu asatambalale kuposa mahandulo, ndipo asaphimbe getsi lakumbuyo, maindiketa kapena nambala ya njinga.

Pomanga, ambiri timadalira malegeni, mphira zija zodula ku tchubu chakale. Ndi otsika mtengo ndipo amagwira, sitikuwanyoza. Koma mphira imatamuka, ndiye pamabampu katundu amadumpha pang'onopang'ono mpaka kusuntha. Ikapsa ndi dzuwa imaduka mosachenjeza, ndipo ikaduka ikukokedwa imatha kumenya diso. Ife timayamba ndi chingwe cha nayiloni kapena malamba okhala ndi zomangira zachitsulo, amene satamuka, kenaka malegeni pamwamba ngati chothandizira. Mukamaliza, gwirani katunduyo ndi manja awiri n'kumugwedeza mwamphamvu. Ngati akusuntha yekha njinga ili chiimire, masulani muyambirenso. Ngati njinga yonse ikugwedezeka naye pamodzi, ndiye kuti wagwira. Nsonga zonse za zingwe zipindidwe, pasakhale cholendewera. Mukayenda makilomita khumi oyamba imani muonenso, chifukwa katundu amakhazikika ndipo zingwe zimakhwefuka.

Pa nkhani ya zolendewera tilankhuleko ndi alongo athu. Chitenje, siketi yaitali kapena mpango wa m'khosi zikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko, zimakokera munthu pansi m'kanthawi kochepa kwambiri. Tikudziwa kuti nkhani ya zovala ili ndi maganizo osiyanasiyana m'mipingo yathu, ndipo sitikufuna kuitsegula pano. Chimene tikupempha n'chakuti chovala chilichonse chisonkhanitsidwe n'kukhaliridwa bwino njinga isanalizidwe, ndipo oyendetsa atembenuke aone yekha. Zovala za Sabata zikhale m'chikwama, m'kati mwa pepala lapulasitiki lochindikala, pamodzi ndi Baibulo ndi buku la nyimbo. Chilichonse chimene sichiyenera kunyowa chiyambe chalowa m'pulasitiki chisanalowe m'thumba, ngakhale m'chilimwe, popeza fumbi limalowa pamene mvula ingalowe.

Kutsika phiri ndi katundu

Msewu wa Khwekhwelere umachoka pa M1 kufupi ndi Dedza n'kutsetsereka mokhotakhota mpaka ku Golomoti. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kutsika konseko kumayenera kuthera penapake, ndipo ngati oyendetsa angodalira mabuleki, kumathera m'mabulekimo ngati kutentha. Njinga zambiri zotsika mtengo zili ndi mabuleki a dilamu, otsekeka m'kati mwa wilo, amene sazizira msanga. Akatentha kwambiri amafooka: ukuponda koma njinga ikungopita. Katundu akachuluka, kutenthako kumachulukanso. Mankhwala ake ndi kutsika ndi giya yaing'ono, yachiwiri kapena yachitatu, kuti injini izibweza njinga, mabuleki n'kumangothandizira mwa apo ndi apo, onse awiri pamodzi, khona lisanayambe. Chizolowezi chozimitsa injini n'kutsika fili pofuna kupulumutsa petulo ndi choopsa zedi. Petulo wopulumukayo sakwana ndi kapu yomwe, koma mwataya chokubwezani chachikulu. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri koma kanayi.

Dzulo lake la ulendo, njinga ionedwe. Mpweya wa m'matayala uyezedwe ndi geji matayala ali ozizira, osati kungofinya ndi chala. Pa njinga zambiri zazing'ono, lakutsogolo limafuna pafupifupi 25 psi, lakumbuyo 28 kapena 29 munthu akakhala m'modzi, ndi 32 kapena 33 akakhala awiri kapena katundu akachuluka; tsatirani zolembedwa pa njinga yanuyo. Tayala lofewa pansi pa katundu wolemera limatentha, ndipo likagunda mwala limatsina tchubu. Tcheni ikhale ndi mafuta, ndipo poikankha ndi chala pakati izisewera masentimita awiri kapena atatu. Mashokabu akumbuyo ambiri ali ndi kamphete ka masitepe mmunsi mwake, kamene mukakazunguza sipuling'i imalimba. Kwezani onse awiri pa sitepe yofanana. Onaninso oyilo, magetsi, hutala ndi masipoko okhwefuka.

Pa zipangizo, tinaphunzira kwa bambo wina wokonza njinga amene tinamupeza pansi pa mtengo titatsika phiri tsiku lija. Ataona chimulu chathu anaseka n'kufunsa, “Ana anga, miphika ndaiona, nanga pampu ili kuti?” Tinalibe. Tinali ndi mbale zisanu zadothi ndi sipika ya nyimbo, koma tinalibe chokonzera tayala. Chimene chimaimitsa njinga pamsewu kawirikawiri ndi kuphulika kwa tayala, choncho pampu yamanja, zigamba ndi guluu wake, zitsulo ziwiri zotsegulira tayala ndi tchubu chimodzi chatsopano ndizo zoyamba. Pambuyo pake masipanala okwana manati a mawilo a njinga yanuyo, sikuludilaiva, pulayala, pulagi yapadera ndi sipanala yake, kachilumikizo ka tcheni, kebulo ya kilatchi, fyuzi, waya pang'ono ndi tepi yakuda. Njinga zikakhala za mtundu umodzi, zipangizo zimenezi zimakwanira gulu lonse. Koma kunyamula n'kosathandiza ngati palibe amene anachotsapo wilo. Yeserani kunyumba kamodzi, masana, musanakayesere kutchire.

Petulo muthire wodzaza ponyamuka ndipo muthirenso paliponse pamene mwamupeza thanki ikafika theka. Tonse tikudziwa mmene mafuta amasowera nthawi zina m'dziko muno, ndipo njinga yolemedwa imamwa kuposa mmene munaizolowerera. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala wosakaniza. Kunyamula wapadera m'botolo la madzi akumwa, pafupi ndi ekizozi yotentha ndi machesi a kukhitchini, ife sitichita.

Chisoti ndi cha onse awiri, oyendetsa ndi wokwera kumbuyo, ndipo lamba wake amangidwe pansi pa chibwano. Chisoti chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi. Kafukufuku amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likumutchula anapeza kuti chisoti chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Nsapato zikhale zotseka, osati masilipasi. Thupi likhale ndi jekete lolimba ngakhale kukutentha, ndipo m'manja mukhale magolovesi, ngakhale a kumunda omwe, chifukwa munthu akagwa amatsogoza manja. Laisensi, inshuwalansi ndi mapepala a njinga zikhale zenizeni ndiponso zosatha ntchito. Sizikupatsa ulemu kuti gulu limene lanyamuka ndi pemphero likayambe kunyengerera apolisi pa rodibuloko.

Pogona

Tenti yaing'ono yozungulira, ya mitengo yopindika, ndiyo yoyenera njinga. Matenti akuluakulu a kanivasi amene mipingo imasunga ndi a galimoto. Musananyamuke ikhomeni pabwalo kuti muwerenge zikhomo ndi kuona zibowo, makamaka ngati ndi yobwereka. Amene alibe tenti atha kugwiritsa ntchito lona ndi chingwe pakati pa mitengo iwiri, monga timaphunzirira ku ma Pathfinder, bola neti ikhalepo. Chimene chinatidabwitsa usiku woyamba n'chakuti kuzizira kumachokera pansi kuposa pamwamba. Nthaka imayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse, ndipo bulangeti limene wagonera limafinyika n'kusiya kuteteza. Kamatiresi kopyapyala kopinda, mkeka, ngakhale makatoni opempha pa golosale ya komweko, zimathandiza kuposa bulangeti lachitatu.

Musanyengeke ndi mbiri yakuti kunyanja kumatentha. M'miyezi ya June ndi July mphepo ya mwera imaomba, ndipo mbandakucha kumazizira. Komanso ulendo umadutsa kumapiri. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, choncho pakati pa Dedza ndi nyanja pali kusiyana kwa madigiri asanu ndi awiri kapena kuposerapo, osawerengera mphepo ya pa njinga. Zovala zopyapyala zingapo zovala mosanjikiza zimaposa chijasi chimodzi chachikulu, chifukwa ukafika ku Golomoti umavula chimodzichimodzi. Opita ku Zomba pamwamba pa phiri kapena m'munsi mwa Mulanje nthawi ya chiperoni awonjezere chipewa chaubweya ndi masokosi ogonera.

Neti ya udzudzu isatsale, ngakhale tenti ikhale ndi sefa yake, popeza zipi za matenti obwereka sizitsekeka bwino. Ku Cape Maclear komweko kuli phunziro la nkhaniyi. Amishonale a ku Scotland anakhazikitsa mishoni yoyamba ya Livingstonia pamalowa mu 1875, ndipo Dr Robert Laws anali m'gululo. Malowo anali okongola, doko labwino, koma malungo anapha ena mwa iwo, ndipo pofika 1881 mishoni inasamukira ku Bandawe, kenaka ku Khondowe mu 1894. Manda awo alipobe mpaka lero, ndipo tinakawaona Sabata masana. Iwo sankadziwa chimene chinkawapha, pakuti Ronald Ross anatsimikiza za tizilombo ta malungo m'thupi la udzudzu mu 1897. Ife tikudziwa, ndipo neti siilemera ndi kilogalamu imodzi yomwe. Wina akamva kutentha thupi pa masabata awiri kapena atatu mutabwerera, akayezetse msanga.

Chinthu china chimene chimapha anthu mwakachetechete ndi mbaula m'tenti. Kukazizira, maganizo olowetsa makala amoto m'kati amabwera okha. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Mpweyawu umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200, ndiye munthu amamva mutu, kufooka, tulo, osadzukanso. Ngakhale makala ooneka ngati azima amautulutsabe. Mbaula, sitovu ya parafini kapena ya gasi, zonse ndi za panja, patali ndi nsalu ya tenti imenenso imayaka msanga. Kuunikira ndi kwa tochi, osati kandulo. Tochi ya pamutu imasiya manja onse awiri omasuka, ndipo foni isungidwire kuimba.

Madzi sanganyamulidwe a masiku atatu. Kulemera kwake takuona kale. Nyamulani a panjira, malita awiri pa munthu, ndipo ena onse mukatunge komweko pa mjigo n'kuwathira mankhwala a klorini monga WaterGuard, kapena kuwawiritsa. Za kusamba m'nyanja tinene zoona: m'madera ena a kumwera kwa nyanja, kuphatikizapo magombe a pafupi ndi midzi ya ku Cape Maclear, muli likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu. Amene wasambira akafunse kuchipatala za kuyezetsa ndi mankhwala a praziquantel pakapita masabata angapo, osadikira kuona magazi m'mikodzo. Funsaninso eni dera za ng'ona ndi mvuu musanaviike phazi pagombe lachilendo. M'kabokosi ka chithandizo choyamba mukhale mabandeji, pulasitala, mankhwala otsukira bala, panado, mapaketi a Thanzi ORS ndi mankhwala a aliyense amene ali ndi nthenda yake, monga mphumu.

Lachisanu liwerengedwe chobwerera m'mbuyo

Kwa ife, ulendo wa kumapeto kwa sabata uli ndi malire amene apaulendo ena alibe. M'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 5:20 madzulo kuno kwathu, pamene mu December ndi January limapitirira pang'ono 6 koloko. Ndipo kuno mdima suchedwa. Dzuwa likangolowa, theka la ola silikwana kusanade. Ndiye kuwerenga kuyambire pa kulowa kwa dzuwa. Kukhoma matenti, kutunga madzi, kuphika chakudya cha madzulo ndi cha Sabata, kusamba ndi kusintha zovala zimatenga maola atatu ngati gulu likugwirizana. Kutanthauza kuti mu June tiyenera kufika 2 koloko masana. Pa njinga zolemedwa, poima kuona zingwe, kuthira petulo ndi kupumitsa msana, timawerengera makilomita 40 pa ola, osati 80 amene oyendetsa amalonjeza. Pamwamba pake timaonjezera ola limodzi la tayala lophulika. Mukawerenga chonchi mupeza kuti katundu ayenera kumangidwa Lachinayi madzulo, ndipo Lachisanu m'mawa n'kungopemphera, kuliza njinga. Kufika masana kumatipulumutsanso ku kuyenda usiku, pamene ngolo, njinga zakapalasa zopanda magetsi ndi ziweto zimadzaza msewu, ndipo getsi la njinga yolemedwa kumbuyo limaloza m'mwamba m'malo mounika pansi.

Chakudya chisankhidwe poganizira kulemera ndi Sabata. Zouma ndizo bwenzi la njinga: ufa, mpunga, soya pisi, mtedza wokazinga, chiponde, phala la Likuni, mchere ndi mafuta ophikira m'kabotolo kotseka bwino. Nyemba zouma zimadya makala ambiri ndi nthawi, choncho ndi bwino kuziphikiratu kunyumba Lachinayi n'kuzidya Lachisanu lomwelo. Za pa Sabata timakonza zosasasa msanga: mbatata yootcha, chigumu, buledi ndi chiponde, nthochi, mazira owiritsa osasenda. Tomato, anyezi, masamba ndi makala tigule komweko dzuwa lisanalowe, m'malo mozisenza kuchokera kunyumba. Anthu a m'deralo apindulenso nafe. Amene amadya nsomba apeza chambo, usipa ndi utaka. Kampango ndi mlamba, zopanda mamba zija, asodzi adzakutsatsani ndithu, ndipo ndi mwayi wofotokoza mwaulemu chifukwa chake sitigula. Miphika iwiri yolowetsana, mthiko, mpeni, ndi mbale, kapu ndi supuni zapulasitiki pa munthu aliyense, zakwana. Chakudya chisasiyidwe poyera, pakuti anyani a kumeneko amadziwa kutsegula thumba.

Pomanga msasa pasakhale pongofikira. Gombe lililonse lili ndi eni ake. Ku Cape Maclear kuli malo olipira omangapo matenti, okhala ndi zimbudzi ndi mlonda, ndipo mapiri ndi zilumba zozungulira mudzi wa Chembe zili m'manja mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. M'menemo simudula mitengo, simusodza, ndipo polowa mumalipira. Malipiro oterowo akonzedwe Lachisanu. Kumalo kumene kulibe malo olipira, timayamba taonekera kwa amfumu. Njira imene yatikomera koposa ndi kuimbira foni mkulu wa mpingo wa kumeneko sabata imodzi ulendo usanachitike. Pabwalo la tchalitchi pamapezeka malo, njinga zimagona motetezeka, ndipo Sabata m'mawa mumapezeka mwapatsidwa kalasi ya ana kapena nyimbo yapadera. Kusukulu kapena kunyumba siyani uthenga wa kumene mukupita, njira imene mudzere ndi tsiku lobwerera.

Titabwerako ulendo woyamba uja tinakhuthula zonse pansi n'kupatula zimene sitinazigwiritse ntchito. Panali sipika, mbale zadothi, nsapato zachiwiri za aliyense, mathalauza atatu, nkhwangwa, mabuku awiri a maphunziro amene tinadzinamiza kuti tikawerenga, ndi ufa wotsala wokwana banja sabata yathunthu. Titaziyeza pa sikelo ya ogula mbewu zinakwana makilogalamu 19. Pa ulendo wachitatu njinga iliyonse inali itamangidwa Lachinayi usiku, tinafika 1:30 masana, ndipo nthawi yotsegulira Sabata inatipeza titakhala pamchenga, tasamba kale. Bulangeti lobowoka lija tikuyenda nalobe. Ndi limene timayala pansi pa tenti.